Dothi la ku Machakos M'mwala wa ku Malindi

Sitima ya Madaraka Express yoima m'masiteshoni imanyamuka ku Syokimau, kunja kwa mzinda wa Nairobi, 8 koloko m'mawa. Tsiku lina m'mwezi wa Januwale, mayi wina wophunzitsa sayansi pa sekondale ina ya ku Dedza anakhala pawindo la kumanzere m'sitimayi, chikwama pamiyendo. Anali atabwera ku Kenya ku msonkhano wa aphunzitsi, ndipo msonkhanowo utatha anadziwonjezera masiku anayi. Anzake analowa m'masitolo kukasaka nsalu ndi nsapato. Iye mtima unali pa mwala wina umene uli pansi pa nyanja ku Malindi, mwala wamoyo, umene asayansi anapezamo mbiri ya zaka 300 ya dothi la kumtunda kuno.

Pasanathe mphindi zambiri sitima inaima pa Athi River, tauni ya mafakitale yomwe inatenga dzina la mtsinje wodutsa pamenepo. Mtsinjewu ndi umene mayiyu ankaulondola. Kumtunda kuno ndi Athi. Ukalandira madzi a Tsavo umasanduka Galana, ndipo ukayandikira nyanja anthu amautcha Sabaki. Ndi wachiwiri kutalika m'dziko la Kenya kutsatira Tana, ndipo umakathira m'nyanja makilomita ochepa kumpoto kwa Malindi. Njanji ndi mtsinje zimapatukana pomwepo, koma timitsinje tambiri timene njanji imawoloka mpaka ku Tsavo timakagwera mu Athi yemweyo.

Patsogolo panayamba kuoneka mapiri a Akamba, m'madera a Machakos ndi Makueni. Dothi lake ndi katondo weniweni, lofiira psuu. Malo otsetsereka analimidwa ngati masitepe: mlimi amakumba ngalande yopingasa phiri n'kumaponya dothi kumtunda kwake, ndipo kalimidwe kameneka amakatcha fanya juu. Kale sizinali choncho. M'zaka za m'ma 1930 mapiriwa anali zigwembe zokhazokha. Atsamunda anali atatenga malo abwino odyetsera ziweto, Akamba n'kupanikizana pamalo ochepa ndi ng'ombe zawo. Boma litayamba kuwalanda ng'ombezo mu 1938, ponena kuti ndizo zikuwononga nthaka, anthu masauzande anapita ku Nairobi kukadandaula. Mayiyu anakulira m'tsinde mwa phiri, ndipo amadziwa mmene chigwembe chimadyera munda mzere ndi mzere mpaka mwini wake kuusiya. Funso limene linamukwezetsa sitima ndi lomwe mwana aliyense wa kumapiri amafunsa mvula ikakokolola munda: dothi lonse lija limapita kuti?

Dzuwa lili paliwombo sitima inalowa m'nkhalango ya Tsavo, njanji itakwera pamilatho italiitali kuti nyama zizidutsa pansi. Njovu zakumeneko ndi zofiira chifukwa zimadzithira fumbi la dothi lomwe lija. Ana m'sitima anathamangira kumawindo. Cha m'ma 2 koloko, atayenda makilomita pafupifupi 470, mayiyu anatsika pa Miritini, ndipo mpweya wa Mombasa unamukuta ngati nthunzi ya mumphika. Anagona komweko.

Kuchoka ku Mombasa kukafika ku Malindi ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo anthu wamba amakwera matatu, minibasi zakumeneko. Mbali yaikulu ya msewuwu inayalidwa pamwamba pa korali wakale. Aswahili amati matumbawe; ife tilibe dzina lathulathu, popeza nyanja yathu ndi yopanda mchere ndipo korali samera m'menemo. Zaka pafupifupi 125,000 zapitazo nyanja inali yokwera mamita angapo kuposa lero, moti pamene tsopano pali nyumba, mitengo ya kokonati ndi malambe panali matanthwe a m'madzi odzaza nsomba. Fakitale ya Bamburi, yomwe inayamba kupanga simenti mu 1954, imakumba mwala umenewu. Cha ku Kilifi kuli maenje akuluakulu oyera mmene makina amadula mwalawo m'mabuloko ngati akudula mtanda wa sopo, ndipo malole amawanyamula kukamangira nyumba.

Anatsika pa Gede, makilomita 16 asanafike ku Malindi, kukaona mabwinja a mudzi wa Aswahili umene unasiyidwa m'zaka za m'ma 1600 ndipo bungwe la UNESCO linaulemba m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse mu 2024. Mizikiti, manda, zitsime ndi nyumba ya mfumu, zonse ndi korali womangidwa ndi laimu wootcha kuchokera ku korali yemweyo. Pokongoletsa malo olemekezeka m'nyumba zoterezi, amisiri a m'mphepete mwa nyanjayi ankadula korali wa mtundu wa Porites m'madzi n'kumusema asanaume, akadali wofewa. Mayiyu anaika nkhope pafupi ndi khoma lina. Mwalawo unali ndi timabowo tating'ono, tondondozana bwino ngati zisa za njuchi zochepetsedwa kwambiri. M'kabowo kalikonse munkakhala kanyama.

M'mawa mwake ku Malindi, atatsikira kugombe la pakati pa tauni, anapeza nyanja yooneka ngati tiyi wamkaka. Mayi wa panyumba yogona alendo anamuuza kuti asadabwe, imeneyo ndi kaskazi. Gombe la kum'mawa kwa Africa limayendera mphepo ziwiri. Kusi imaomba kuchokera kum'mwera kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala, ndipo imakankhira matope a Sabaki kumpoto, kutali ndi tauni. Kaskazi imaomba kuchokera kumpoto kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, ndipo imabweretsa matopewo kugombe la Malindi ndi pamatanthwe ake. Choncho dothi lokokoloka ndi mvula ya Okutobala mpaka Disembala ndilo limafika kwambiri pa makorali.

Maboti opita kumatanthwe amanyamukira pa Casuarina Point, kum'mwera kwa tauni, m'malo otetezedwa a Malindi Marine National Park amene anakhazikitsidwa mu 1968. Boti limene mayiyu anakwera linali ndi galasi pansi. Ataloweko pang'ono madzi anayamba kuyera, ndipo mwini boti, bambo wa imvi zapatalipatali, anazimitsa injini n'kuloza pansi ndi chibwano. Pamenepo panali chimwala chobulungira, chachikasu chonkera ku bulauni, chachikulu ngati nkhokwe. Mayiyu anavala jekete yoyandamitsa ndi magalasi osambirira, n'kutsetserekera m'madzi atagwira chingwe cha boti. Choyamba kumufika chinali phokoso, kukhekhereza kosalekeza. Zinali nsomba zobiriwira zimene Aswahili amati pono, zikupala mwala ndi mano awo onga mlomo wa chinkhwe. Atayandikira anaona kuti chimwalacho chili ndi ubweya wosalala. Ubweyawo unali timanja ta tinyama masauzandemasauzande.

Ameneyo ndiye Porites. Kanyama kamodzi n'kotambalala pafupifupi milimita imodzi, kathumba kofewa kokhala ndi kamwa pakati ndi timanja 12 tozungulira, wachibale wa jellyfish. Tinyamati timaphukirana, n'kulumikizana kukhala chikopa chimodzi chokhuthala mamilimita ochepa chabe. Moyo wonse uli m'chikopa chimenecho. Pansi pake ndi chigoba chimene tinyamato takhala tikuumba, pafupifupi sentimita imodzi pachaka, moti chimwala chotalika mamita atatu chingakhale ndi zaka pafupifupi 300. Chigobacho ndi cha kashiamu ndi kaboneti, zomwezo zimene zili m'chigoba cha nkhono ndi cha dzira, zitalumikizana m'timiyala tosongoka totchedwa aragonite.

Mayiyu atabwerera m'boti ananena kuti chimwalacho chikufanana ndi chulu, ndipo fanizolo ndi loona kuposa mmene iye ankaganizira pa nthawiyo. Mlimi aliyense amadziwa kuti dothi la pachulu si lofanana ndi la m'munda wozungulira. Chiswe chimasankha timibulu tosalala, chimatitenga pansi pakuya, n'kutikanda ndi malovu. Amene angatape dothi la pachulu n'kunena kuti wadziwa munda wonse walakwitsa, ngakhale kuti dothilo linachokeradi m'mundamo. Korali nayenso amatenga zomangira zake m'nyanja, koma zimadutsa kaye m'thupi mwake, ndipo thupilo lili ndi njala yake, usana ndi usiku wake, thanzi ndi matenda ake. Zonsezi zimasiya chizindikiro m'mwala.

Kuumbako kumachitikira pamalo obisika, pakati pa mnofu wapansi wa kanyama ndi chigoba. Pamenepo pali kampata kopyapyala kuposa tsitsi, kokhala ndi madzi amene kanyamako kamawayang'anira. Madzi a m'nyanja amalowamo ndithu, koma sakhalitsa mmene analili. Maselo a mnofuwo ali ndi timapampu totchedwa Ca-ATPase, timene timakankhira kashiamu m'kampatako n'kutulutsamo tizigawo ta haidrojeni, tija timachititsa madzi kuwawasa. Tikachepa, madziwo amapendekera kumbali ya chidulo, chija amayi amatcheza ku phulusa pophika therere. Asayansi amayeza zimenezi pa sikelo ya pH: 7 ndi pakati, kutsika ndi asidi, kukwera ndi mbali ya chidulo. Madzi a m'nyanja lero ali pafupifupi pa 8.1, pamene m'kampata ka korali amafika cha pa 8.5. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma tanthauzo lake n'lakuti tizigawo towawasa tija tachepa kupitirira theka, ndipo m'madzi otero kaboneti amachuluka, mwala n'kuundana msanga.

Mu 2011 Alexander Venn ndi anzake ku Centre Scientifique de Monaco anaona zimenezi ndi maso. Analera korali wotchedwa Stylophora pistillata pagalasi, n'kumamuyang'ana chapansi pa maikulosikopu atathira utoto wosintha maonekedwe malinga ndi pH. Kukawala, madzi a m'kampatako ankaposa a m'nyanja ndi pafupifupi 0.5, mumdima ankaposa ndi pafupifupi 0.2 yokha.

Kuwala kukulowa bwanji pa nkhani ya nyama? M'maselo a korali mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, za selo imodzi imodzi, zopitirira miliyoni pa sentimita imodzi mbali zonse. Dzina lake ndi zooxanthellae, ndipo ndizo zimapatsa korali mtundu wake wachikasu kapena bulauni. Zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga masamba a chimanga, n'kugawira mwini nyumba gawo lalikulu la shuga wake. Timapampu tija timayendera mphamvu imeneyo. Mu 1959 Thomas Goreau, ali ku Jamaica, anagwiritsa ntchito kashiamu wotulutsa cheza kuti aone mmene makorali amaumbira, ndipo anapeza kuti amafulumira kwambiri kukawala. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti mitundu yambiri imaumba pafupifupi katatu masana kuyerekeza ndi usiku. Pamwamba pa izi kanyamako kamatulutsa mapuloteni ake amene amagwira kashiamu n'kulamula pamene kamwala kayambire ndi kumene kaloze. Amenewa ndiwo malovu a chiswe aja, ndipo pang'ono pokha amatsalira m'mwala.

Wofufuza akafuna kuwerenga korali, amamira ndi chobowolera n'kutulutsa mtanda wautali wonga munsi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dzenje amalitseka ndi simenti, ndipo pakapita zaka zochepa chikopa chamoyo chimaphimbapo. Mtandawo amaucheka m'timatabwa topyapyala n'kutijambula pa X-ray. Pachithunzipo pamaoneka mizere yakuda ndi yoyera yosinthana, ngati ya m'thunthu la mtengo wodulidwa. Umboni woti mizere iwiri ndi chaka chimodzi unachokera pamalo achisoni. Pazilumba za Enewetak m'nyanja ya Pacific, dziko la America linaphulitsa mabomba a nyukiliya moyesera pakati pa 1948 ndi 1958. Mu 1972 David Knutson, Robert Buddemeier ndi Stephen Smith anapeza mizere yotulutsa cheza m'makorali akumeneko, ndipo atawerenga mizere ya pakati pake inagwirizana ndi zaka zimene mabombawo anaphulika.

Zaka zikadziwika, ntchito imatsala n'kupala ufa pang'onopang'ono motsatira mtandawo n'kuuyeza mu labotale. M'nyanja muli strontium, yemwe amafanana ndi kashiamu moti amalowa m'malo mwake: pa maatomu 1,000 a kashiamu m'chigoba, pamakhala pafupifupi 9 a strontium. Madzi akatentha amalowa wochepa, ndipo digiri imodzi imasintha kuchuluka kwake ndi gawo losakwana limodzi pa 100. Okosijeni nayenso ali ndi maatomu opepuka, a 16, ndi olemerako, a 18, ndipo olemerawo amachepa m'chigoba madzi akatentha kapena akasungunuka ndi mvula. Ndi njira ya okosijeniyi Julia Cole ndi anzake anawerenga korali wa ku Malindi konkuno, ndipo mu 2000 analengeza mbiri ya zaka 194 yoonetsa kuti nyanja ya kuno yatentha mwina mpaka madigiri 1.3 kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Kalelo kunalibe munthu woviika choyezera kutentha m'madzi a Malindi mwezi ndi mwezi. Korali ndiye anasunga.

Mayiyu ankaphunzitsa ana ake zimenezi mwachidule, kuti korali ndi choyezera kutentha cha chilengedwe. Chimene wolemba nkhani ino akuona kuti n'chofunika kwambiri ndi mbali imene mabuku a kusukulu amailumpha. Harold Urey wa ku Chicago, amene anayambitsa zoyeza kutentha kwa nyanja zakale ndi maatomu a okosijeni, anachenjeza kale mu 1951 kuti zamoyo zina siziumba zigoba zake motsatira malamulo a madzi ndi kutentha okha. Vutoli analitcha vital effect, kutanthauza dzanja la moyo m'mwala. Makorali ali m'gulu la zamoyo zimene dzanjali limaoneka kwambiri.

Taganizani za mayi wopeta chimanga chokonola. Akapeta modekha, mphale ndi gaga zimasiyana monga mwa kulemera kwake, ndipo aliyense angathe kulosera zimene zitsale m'lichero. Akapeta mothamanga, alendo ali pakhonde, zotsala m'licheromo zimanena za changu chake kuposa za chimanga. Korali amaumba mothamanga. Mpweya wa carbon dioxide ukalowa m'kampata kaja umasanduka kaboneti, ndipo maatomu opepuka ndiwo amatsogola. Mwala umawatsekera asanapeze nthawi yosinthana bwinobwino ndi madzi. Ted McConnaughey anafotokoza zimenezi mu 1989: mbali ya korali yokula msanga imakhala ndi okosijeni ndi kaboni wopepuka kuposa mbali yokula pang'onopang'ono, ngakhale zonse zili m'madzi amodzi. Pamwamba pa chimwala ndi m'mbali mwake mwamthunzi mungapereke kutentha kosiyana kwa chaka chimodzimodzi. Ndere zija nazo zimakonda kaboni wopepuka, wa 12, popanga chakudya, motero dzuwa likawala kwambiri wotsalira woumbira chigoba amakhala ndi wa 13 wochulukirapo. Mitambo ikachuluka, madzi akada ndi matope, kapena kanyamako kakadya tizilombo tambiri togwira ndi timanja take, muyeso wa kaboni umasuntha.

Nkhani ya boron ndi imene imaonetsa bwino za chulu zija. Maatomu a boron, a 10 ndi a 11, amalowa m'mwala mosiyana malinga ndi pH ya madzi, choncho ofufuza anayembekezera kuti apezamo mbiri ya kuwawasa kwa nyanja. Atayeza, manambala ankatuluka okwera kuposa madzi a nyanja. Malcolm McCulloch wa ku University of Western Australia ndi anzake anaonetsa mu 2012 kuti boron amalemba pH ya kampata ka korali kaja. Ofufuza anafunsa za nyanja, mwala unayankha za m'thupi mwa kanyama. Yankholo linakhala lamtengo wake, chifukwa tsopano n'zotheka kudziwa mmene korali wa zaka 100 zapitazo ankalimbikira kupopa.

Pali zinanso zosokoneza. Kanyamako kamapitiriza kukhuthalitsa chigoba m'kati monse mmene mnofu wake wafika, choncho ufa wa kadontho kamodzi umasakaniza miyezi ingapo, ndipo miyezi yotentha kwambiri ndi yozizira kwambiri imaoneka ngati yapakatikati. Pansi pa mnofu mumakhala ndere ina yobiriwira, Ostreobium, yomwe imaboola mwala n'kusiya mzere wobiriwira. M'timabowo takale madzi a m'nyanja amatha kuundanitsa aragonite watsopano wopanda dzanja la kanyama, wokhala ndi strontium wambiri, ndipo wosasamala angaganize kuti zaka zimenezo kunazizira. N'chifukwa chake ofufuza osamala amapala ufa motsatira njira imene korali ankakula msanga, amayerekeza zaka zapamwamba ndi kutentha koyezedwa ndi zipangizo ndi masetilaiti, amayang'ana mwala pa maikulosikopu, ndipo amabowola zimwala zingapo asananene kanthu. Ndi ntchito yapang'onopang'ono, ndipo ndi imene imapangitsa kuti manambala awo akhale odalirika.

Tsono dothi lija. Timibulu ta dongo timanyamula barium pakhungu pake. Madzi a mtsinje akakumana ndi amchere, barium amachoka padongopo n'kusungunuka m'nyanja, ndipo korali amamulowetsa m'chigoba m'malo mwa kashiamu. Kaskazi iliyonse yobweretsa matope a Sabaki imasiya barium wokwera m'mzere wa chaka chimenecho. Mu 2007 Dominik Fleitmann ndi anzake analengeza zimene anapeza mu Porites wa zaka 300 wa ku Malindi. Kuyambira cha mu 1700 mpaka 1900 matope a Sabaki sankasintha kwenikweni. Kuyambira cha mu 1900, atsamunda a ku Britain atafika kumtunda, anayamba kukwera, ndipo anapitiriza kukwera anthu akuchuluka ndi minda ikukwera m'mapiri. Anafika pachimake pakati pa 1974 ndi 1976, pamene anali ochuluka kasanu mpaka kakhumi kuposa kale. Ku Australia McCulloch anali atapeza zofanana mu 2003 pa mtsinje wa Burdekin, kumene matope anachuluka azungu atabweretsa nkhosa ndi ng'ombe cha m'ma 1870.

Kodi barium ameneyu tingamukhulupirire, pamene taona mmene kanyama kamapotozera zinthu zina? Wolemba nkhani ino akuti inde, pa chifukwa chomveka. Kutentha amakuyeza ndi kusintha kosakwana gawo limodzi pa 100, moti changu cha kanyama chingathe kukuphimba. Kusintha kwa barium ku Malindi n'kwakukulu koposa, kumabwera m'nyengo ya kaskazi chaka ndi chaka, ndipo kukugwirizana ndi mbiri yodziwika ya kumtunda. Zigwembe za ku Machakos za m'ma 1930 zili m'mwala umenewo.

Boti likubwerera, mayiyu anaona malo ena pansi pamene panali zidutswa zokhazokha, zonga nthambi zothyoka zokutidwa ndi ndere.

"Bambo, mu 1998 munali kale panyanja pano?"

"Ndinali mnyamata, Mama, ndinkathandiza amalume pa boti lawo. Zonse munaziona zija zinayera mbee ngati ufa. Anthu ankati zakongola. Patapita miyezi zanthambizo zinagumuka, zinatsala zikuluzikulu zija."

Chaka chimenecho, El Niño atatenthetsa nyanja, matanthwe ambiri a ku Kenya anataya theka kapena kupitirira la makorali ake amoyo. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amatenthera m'nyengo yotentha, n'kukhala choncho masabata angapo, ndere ndi kanyama zimadana. Nderezo zimayamba kutulutsa zinthu zowononga maselo, korali n'kuzilavula. Mnofu umatsala woonekera, ndipo kuyera kuja ndi chigoba choonekera m'kati. Zimwala za Porites zambiri zimapirira, koma popanda shuga timapampu timafooka, kukula kumachepa kapena kuima, ndipo pa X-ray pamatsala mzere wopyapyala wolimba. Apa pali chinthu chowawa kwa wofufuza. Masabata otentha kwambiri, amene iye akufunitsitsa kuwadziwa, ndi omwewo amene korali sanaumbe mwala wokwanira, ndipo wochepa umene anaumba unatuluka m'thupi lodwala. Kuyera kotereku kunabweranso mu 2016, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti kwagwira nyanja za dziko lonse kachinayi.

Palinso mtolo wina umene suoneka ndi maso. Nyanja imamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide amene anthu amatulutsa, ndipo pH yake yatsika kuchoka pa 8.2 mafakitale asanachuluke kufika pa 8.1. Korali wathanzi amathabe kukweza madzi a m'kampata kake, ndipo imeneyi ndi nkhani yolimbikitsa imene boron anatiuza. Koma kupopako kumadya chakudya, ndipo chakudya chimachokera ku ndere zofuna madzi oyera ndi osatentha. Matope a Sabaki amatchinga dzuwa, ndipo kanyama kamataya mphamvu zina potulutsa mamina ochotsera dothi pathupi pake.

Tsiku lomaliza mayiyu anakwera tuktuk kupita pa mlatho wa Sabaki, pamsewu wolowera ku Lamu. Mtsinje unali wotambalala, wofiirira, woyenda mwaulesi pakati pa zilumba za matope pomwe mbalame zinkatola chakudya. Chakum'mawa kunkaoneka milu ya mchenga ya kumathiriro. Anatsikira m'mphepete, natunga madzi m'botolo, n'kuliimika pamwala. Asanamalize kudya nthochi imene anagula pamsewu, pansi pa botolo panali patakhala kale kamzere kofiira, mtundu womwe uja wa mapiri a Akamba ndi njovu za ku Tsavo.

Pobwerera anapeza amisiri akumanga mpanda pafupi ndi nyumba yogona alendo, ndi mabuloko oyera a m'maenje aja. M'malo otetezedwa munthu saloledwa kutola ngakhale kachidutswa ka korali, koma apa zibenthu zinali mbwee pansi. Anapempha chimodzi, ndipo mmisiri wamkulu anamusankhira chokhala ndi timabowo tooneka bwino. Mwala wa zaka 125,000 umenewu wakhala ukunyowa ndi mvula nthawi yaitali, moti aragonite wambiri anasanduka mwala wa mtundu wina wotchedwa calcite ndipo strontium wake wina anatsukika. Wofufuza za kutentha angautaye. Kwa mphunzitsi unali wokwanira. Pa chakudya chamasana anatenga ndimu yobwera ndi nsomba, naifinyira pachibenthucho, n'kuchiika kukhutu. Chinkalira chapansipansi, tithovu tikutuluka m'timabowo. Mtsikana woperekera chakudya anapempha kuti amveko, ndipo anaitana mnzake wa kukhitchini. Kenako mayiyu anachitsuka, anachikulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi botolo la madzi a Sabaki, n'kupita kukagula tikiti ya basi yausiku ya ku Nairobi.